Noah ZRR70 ya mipando 8: zolemba za ntchito yoiunika ndi kuikonza

Tsiku 1: kuilandira ndi kuisuzumira kunsi

Galimoto ndi Toyota Noah ya mtundu wa ZRR70, ya chaka cha 2010, yokoka ndi matayala akutsogolo okha, mipando 8. Injini ndi 3ZR-FAE ya 1,986 cc, giyabokosi ndi CVT, otomatiki yoyendera lamba wachitsulo. Pa dashibodi yalemba makilomita 168,400, ndipo pafupifupi 60,000 mwa amenewa yayenda kuno kwathu, ambiri pa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ena pa msewu wafumbi wopita kumudzi. Eni ake adandaula zinthu zinayi: kutsogolo kukugogoda pa mahampu, chitseko chotsetsereka cha kumanzere chikukana kutseka chokha, madzi a mu rediyeta akumaphwa, ndipo nyali ya injini inayaka kawiri n'kuzimanso yokha. Tikonza zinayizi, koma tiunikanso galimoto yonse, kuti tidziwe chomwe chatha ndi ukalamba, chomwe chatha ndi katundu ndi misewu, ndi chomwe chidakali nganganga.

Tayamba ndi kuitsuka kunsi ndi madzi amphamvu, poti matope ouma amabisa dzimbiri ndi oyilo wodontha yemwe. Galimoto ya ku Japan imafunika kuidziwa dera lomwe inkayenda. Zomwe zinkakhala kumpoto, ku Hokkaido kapena ku Tohoku, kumene amathira mchere pamsewu nthawi ya chipale, zimafika kuno zitadyeka kunsi pomwe pamwamba zikunyezimira. Tagogoda ndi kanyundo m'mbali monse mwa chasisi, pamene pamakhala masipuling'i akumbuyo, pafupi ndi mapaipi a buleki ndi pansi pa njanji za zitseko. Chitsulo chikulira bwino paliponse. Dzimbiri lomwe lilipo ndi lapamwamba, pa ekizozi ndi pa mitu ya mabawuti.

Mabala omwe tapeza ndi akuno. Pulasitiki yotchinga pansi pa injini yathothoka theka, mkombero wa pansi pa zitseko wapindika malo awiri chifukwa cha jeke woikidwa posayenera, ndipo paipi ya ekizozi yaphwatalala pang'ono pamene inakhula hampu. Noah imeneyi imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 16 ikakhala yopanda kanthu, pomwe kuchokera pa matayala akutsogolo kufika akumbuyo pali mamilimita 2,825. Thupi lalitali, miyendo yaifupi: ikadzaza, mimba ndiyo imayamba kugunda.

Tsiku 2: nyali ya injini

Makina ena otsika mtengo oyezera galimoto sawerenga zonse pa galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, choncho tagwiritsa ntchito owerenga ma code a Toyota. Tapeza P1047 yakale yosungidwa mu kompyuta. Imeneyi ndi ya Valvematic, ndipo ndi code yomwe imachititsa anthu kugula chipangizo chodula asanayeze batire.

Pa 3ZR-FAE mpweya wolowa mu injini suyendetsedwa ndi throttle yokha, kachitseko kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya mpweya. Pali kamota kokhala kumapeto kwa cylinder head, mbali ya giyabokosi, komwe kamakankha ndodo yosintha kutseguka kwa ma valve olowetsa mpweya, kuyambira pafupifupi milimita 1 mpaka 11. Kamotaka kamasunga m'mutu mwake malo omwe ndodoyo yaima. Magetsi akagwa mwadzidzidzi, kaya poliza injini ndi batire yofooka kapena pochotsa theminolo injini itangozima, kamaiwala malowo, kompyuta n'kuyatsa nyali. Nthawi zina galimoto imafooka, imakana kukwera ma rev.

Batire tayeza: 12.1 V itagona usiku wonse, ndipo poliza injini inagwa kufika 8.9 V. Yabwino siyenera kutsika pansi pa 9.6 V. Theminolo ya negative inali yokhwepa, wina anaikhomerera kamsomali kuti igwire. Alitaneta ilibe vuto, ikupereka pafupifupi 14 V nyali zonse zili zoyaka. Tasintha batire ndi theminolo, tapala pomwe waya wa negative amagwira thupi la galimoto, tafufuta code. Kamota ka Valvematic sitikakhudza pokhapokha code itabweranso batire ili yabwino.

Kaphokoso ka "tiki-tiki" komwe kamamveka kumbali yomweyo ya injini si vuto. Ndi vacuum pump yoyendetsedwa ndi camshaft ya ekizozi, yomwe imathandiza buleki kukhala yofewa popondapo, poti injini ya Valvematic siyamwa mpweya mokwanira mu manifold kuti ichite ntchitoyo yokha. Tamvetsera ndi sikuludiraiva yaitali khutu lili pa chigwiriro: kulira kwake n'kofanana, kosadumphadumpha.

Tsiku 3: mkati mwa injini

Tachotsa makoilo ndi mapulagi. M'dzenje la pulagi yachiwiri munali oyilo wokwana supuni imodzi, gasiketi ya tappet cover yauma. Mapulagi omwe anaikidwamo ndi wamba, osakhala a iridium, ndipo mpata wake wakula kupitirira mamilimita 1.3. Injini imeneyi imafuna aatali opyapyala a mtundu wa SC20HR11, mpata pakati pa 1.0 ndi 1.1, omasulidwa ndi soketi ya 14, omangidwa pa 20 N·m. Pulagi ya mpata waukulu imakakamiza koilo kukankha moto wamphamvu nthawi zonse, ndipo koilo ndiyo imafa msanga.

Compression tayeza injini ili yotentha: 1,290, 1,270, 1,300 ndi 1,280 kPa. Kusiyana kwa 30 kPa pakati pa yapamwamba ndi yapansi n'kochepa zedi. Timayamba kudera nkhawa kukafika pa 100. Titavundukula tappet cover, ma camshaft ali ndi utoto wa uchi, opanda phala lakuda. Tcheni cha timing chili cholimba, ma guide ake sanadyeke. Pa makilomita amenewa, mkati mwa injini ngati umu ndi umboni woti kwa zaka zambiri oyilo ankasinthidwa pa nthawi yake.

Koma oyilo yemwe tatulutsa ndi wolemera, wa 20W-50. Pali chikhulupiriro choti kuno kumatentha ndiye injini ikufuna oyilo wokhuthala. Kwa injini zakale n'zomveka, kwa iyi ayi. Timing ya ma camshaft onse awiri imasinthidwa ndi oyilo wodutsa m'tinjira tating'ono, ndipo mpata wa ma valve umadzikonza wokha ndi oyilo yemweyo. M'mawa wa mu June, oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba, ndiye mumamva "grrr" wa sekondi imodzi kapena ziwiri poliza. Kwawo anailembera 0W-20. Ife taika 5W-30, malita 4.2 pamodzi ndi fyuluta, bawuti yotulutsira oyilo pa 37 N·m ndi washala watsopano. Fyuluta muziyamba mwaiona musanagule, chifukwa injini zina za 3ZR zili ndi ya chitini pomwe zina zili ndi ya pepala yolowa m'chivundikiro. Pa fumbi lathu, makilomita 5,000 asapitirire.

Throttle inali ndi mwaye m'mphepete, taitsuka. MAF sensor, yoyeza mpweya wolowa mu injini, tayipopera mankhwala ake osaikhudza ndi chala kapena nsalu. Tiwaya take n'topyapyala ngati tsitsi. Fyuluta ya mpweya inali yophulitsidwa ndi kompulesa mpaka pepala kung'ambika m'makwinya, ndipo fumbi lofiira lapezeka mu paipi ya mtsogolo mwake. Fumbi limenelo ndi lomwe limadya ma ring. Yatsopano yalowa.

Tsiku 4: madzi

Tapopa rediyeta ndi makina oyezera mpaka pang'ono pamwamba pa 1.1 bar, yomwe yalembedwa pa chivundikiro. M'mphindi khumi singano inatsika. Kudontha kuli pa pampu ya madzi: pansi pa pulley pali chikhungwa cha pinki chouma, ndipo lamba wamwaza timadontho mpaka pa alitaneta. Titachotsa lamba, pulley ikugwedera pang'ono ndipo poizunguza ndi dzanja ikumveka ngati muli mchenga. Pa injini za ZR pampu imeneyi ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba kutha, ndipo pa makilomita opitirira 160,000 yagwira ntchito yake. Mwayi wake imayendetsedwa ndi lamba wakunja, osati tcheni, choncho imasinthika pochotsa teyala lakumanja ndi pulasitiki ya m'kati mwa mudguard.

Chomwe chatikhumudwitsa ndi thermostat: mulibe. Wina anaichotsa poganiza kuti akuthandiza injini kuzizira. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri ngati idakali yozizira, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda. Tabwezeretsa ya 82°C, kabowo kake kotulutsa mpweya kali pamwamba. Madzi omwe anali mkati anali osakaniza a pinki, obiriwira ndi a pampopi. Tatsuka kawiri ndi madzi oyera opanda mchere (distilled), tathira a pinki okhaokha, hita ili yotsegula mpaka kumapeto, fani yazungulira kawiri, mpweya watuluka wonse.

Tsiku 5 ndi 6: CVT

Apa ndi pomwe pamafera Noah zambiri kuno, ndipo kawirikawiri si giyabokosi yomwe imalakwa.

CVT siisintha liwiro ndi magiya olumana monga otomatiki yakale. Muli lamba wachitsulo, wa tizidutswa mazanamazana tomangidwa pamodzi, woyenda pakati pa ma pulley awiri omwe amatseguka ndi kutsekeka. Chomwe chimagwira lambayo kuti asaterereke ndi mphamvu ya oyilo yofinya ma pulley, komanso mtundu wa oyiloyo, womwe unapangidwa kuti chitsulo chizigwira chitsulo chinzake uku chikutetezeka. ATF wofiira wa otomatiki wamba alibe khalidwe limeneli. Akalowamo, lamba amayamba kuterereka pang'onopang'ono, amakanda ma pulley, ndipo zikandazo sizipola. Yathu imafuna CVT Fluid TC.

Giyabokosi imeneyi ilibe ndodo yoyezera oyilo, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti oyilo wake sasinthidwa. Amasinthidwa, koma ndi dongosolo. Choyamba timamasula bawuti yothirira, yomwe ili m'mbali kuseri kwa teyala lakumanzere. Imeneyi iyambe ndiyo, kuopa kutulutsa oyilo kenako n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka. Kenako timamasula bawuti ya pansi pa sampu, ndiyeno kapaipi ka pulasitiki kobisala mkati mwa bowo lomwelo. Kapaipi kameneka ndiye muyezo wa oyilo, ndipo kamamangidwa ndi zala zokha. Sipanala ikangokakamiza kamathyoka.

Oyilo watuluka wa bulauni woderako, wosanunkha kupsa. Tathira pang'ono m'mbale yoyera n'kuunika ndi tochi: mulibe tonyezimira. Titatsitsa sampu, maginito ali ndi phala lotuwa losalala ngati ufa wa pensulo, lomwe ndi kutha kwa masiku onse. Tikanapeza tizitsulo tosongoka tobaya chala, ntchito ikanaima pomwepo n'kuyamba kukambirana za giyabokosi ina. Tasintha strainer, sefa ya oyilo ya m'giyabokosi, ndi mphira yake, gasiketi yatsopano, mabawuti a sampu omangidwa mopingasa komanso mofewa poti amalowa mu aluminiyamu. Onse omwe atuluka ndi malita 3.6, osafika theka la oyilo yense wa mkati, chifukwa wambiri amatsalira mu torque converter ndi m'tinjira. Choncho tathira watsopano, tayenda makilomita 20, tatulutsanso, tathiranso. Kachitatu tidzachita pakapita makilomita 1,000. Makina okankha oyilo mwamphamvu sitinawagwiritse ntchito pa giyabokosi yomwe mbiri yake sitiidziwa, chifukwa amatha kudzutsa zinyalala zogona n'kukazitsekera mu valve body, momwe muli tinjira toyendetsa oyilo wa giyabokosi.

Kuyeza mlingo kumafuna kudekha. Galimoto ikhale yofanana mbali zonse, injini ikulira, ndodo ya giya itadutsa m'malo onse n'kubwerera pa P, oyilo ali pakati pa 35°C ndi 45°C powerenga pa kompyuta. Bawuti ya pansi ikamasulidwa, oyilo woposa muyezo amatuluka, ndipo akayamba kuchita ndondondo ndi pomwe timatseka. Ku Blantyre masana a dzuwa oyilo amadutsa 45°C msanga, ndiye tsiku loyamba tinachedwa n'kudikira m'mawa wotsatira. Kuyeza ali wotentha kwambiri kumasiya oyilo wochepa, chifukwa wotentha amafufuma n'kutayika wambiri.

Zina zomwe zimapha CVT sizioneka mu galaja. Kuponya R galimoto isanaimiretu. Kuponda moto mpaka pansi itatitimira m'matope, matayala n'kuzungulira mwaliwiro kenako n'kugwira nthaka youma mwadzidzidzi: kugwedeza konseko kumathera pa lamba. Kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi injini ili yozima, pomwe pampu ya oyilo siikuzungulira. Kukoka ngolo kapena galimoto inzake. Zonsezi tazilemba pa pepala lomwe lipite ndi galimoto.

Tsiku 7: miyendo yakutsogolo

Kugogoda kwapezeka msanga. Ma stabiliser link onse awiri mphira zake zang'ambika, girisi watha, akugwedera ndi dzanja. Mabushi aakulu akumbuyo kwa ma control arm ang'ambika mozungulira. Tikakankha ndi chitsulo, mkono wonse ukusuntha pafupifupi sentimita. Bushi imeneyi ndi yomwe imalandira nkhonya teyala likagwera m'dzenje, ndipo ikatha galimoto imakokera mbali poponda buleki, teyala limadyeka mkati. Rack end yakumanzere ili ndi mpata, yakumanja ilibe. N'zosadabwitsa, kumanzere ndi komwe kumayenda m'mphepete mwa tala modyekadyeka. Tasintha zonse ziwiri. Ma ball joint ali bwino. Shoki yakumanzere yanyowa ndi oyilo mpaka pansi, choncho zonse ziwiri zatuluka pamodzi ndi ma mounting apamwamba.

Mabushi atsopano timawamanga komaliza galimoto itatsika pa jeke, kulemera kwake kuli pa matayala. Bushi yomangidwa teyala likulendewera imakhala yopotoka moyo wake wonse ndipo imang'ambika m'miyezi yochepa, kenako anthu n'kumati masipeya ake ndi achabe.

Chiwongolero ndi cha magetsi, mulibe pampu kapena oyilo woti adonthe. Mphira za ma CV joint zili zonse, koma yamkati yakumanja yayamba ming'alu, tayisintha isanaboole.

Tsiku 8: kumbuyo, ndi nkhani ya katundu

Kumbuyo kwa Noah n'kosavuta: chitsulo chimodzi chopingasa, masipuling'i awiri, mashoki awiri, mabushi awiri aakulu. Palibe zambiri zoti ziwonongeke, ndipo pa misewu yathu chimenechi ndi chabwino. Komabe galimoto ili yopanda kanthu yakhala pansi kumbuyo kuposa kutsogolo ndi masentimita awiri, kumanzere kuposa kumanja. Timphira toletsa chitsulo kugunda thupi taphwanyika ngati chinangwa chouma, ndipo pomwe timagunda papukutika mpaka kuwala. Ndiye kuti galimotoyi yayenda maulendo ambiri masipuling'i atafinyika mpaka mapeto.

Chifukwa chake chili m'masamu. Ku Japan, powerengera kulemera kwa galimoto yodzaza, munthu mmodzi amamuika pa makilogalamu 55. Mipando 8 ndiye kuti makilogalamu 440.  Tsono tiwerenge ulendo wa ku ukwati kapena ku maliro: akuluakulu 8 a makilogalamu 70 aliyense ndi 560. Pobwerera kumudzi palowe matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, thumba la makala, zikwama ndi dengu la mbatata. Tadutsa 700, ndipo wambiri mwa katundu ameneyu ali pamwamba pa matayala akumbuyo kapena kuseri kwake, kumene amanyamula mphuno ya galimoto n'kupepuza matayala omwe amakoka ndi kukhota. Mipando ilipo 8 ndithu, koma mpando wachitatu ukadzaza akuluakulu, malo a matumba atha ngakhale buti ikuoneka kuti ili ndi mpata.

Taika masipuling'i atsopano a muyezo wake ndi mashoki atsopano, ndipo galimoto yabwerera pa msinkhu wake. Funso la ma spacer, zoika pa masipuling'i kuti galimoto ikwere, labwera monga limabwerera pa Noah iliyonse. Maganizo athu ndi awa: mamilimita 20 mpaka 25 mbali zonse zinayi amathandiza pa mahampu ndipo ma CV joint amapirira. Kupitirira pamenepo ma shaft amapendekeka kwambiri, mphira zimang'ambika msanga, mashoki amafika kumapeto kwa utali wake, ndipo galimoto yotalika kale mamita 1.85 pomwe m'lifupi ndi 1.695 imayamba kupepeluka pokhota. Spacer siwonjezera katundu yemwe galimoto inganyamule, imangoikweza. Kuika spacer pa sipuling'i yotopa ndi kubisa matenda. Pa iyi tasankha kuyamba tayenda ndi masipuling'i atsopano okha.

Ma bearing akumbuyo ali chete, mabushi a chitsulo chopingasa ali ndi ming'alu yapamwamba koma sanalekane. Tidzawaonanso pa sevisi ikubwerayi.

Tsiku 9: chitseko chotsetsereka

Chitseko cha magetsi chili kumanzere, mbali yotsikira anthu ku Japan ndi kuno komwe, choncho chimatsegulidwa kakhumi pomwe chakumanja chatsegulidwa kamodzi. Chimakokedwa ndi tizingwe tiwiri tachitsulo tokutidwa ndi pulasitiki, toyenda mu njanji yapakati pansi pa galasi lakumbuyo. Pulasitikiyo imauma ndi dzuwa n'kusweka, madzi amalowa, waya amachita dzimbiri n'kuyamba kutuluka ndevu. Pa chathu, chingwe chakumbuyo chatsala ndi tiwaya towerengeka, ndipo ndevuzo zikukola mu pulley. Mota ikamva kulimba imaganiza kuti chitseko chapana munthu, ndiye imabwerera. Ndi chitetezo chomwe chikugwira ntchito yake.

Koma chomwe chinayambitsa ndi roller yapansi. Njanji yapansi inali yodzaza mchenga, timiyala, njere za chimanga ndi girisi wakuda yemwe wina anapaka mowolowa manja. Girisi ndi fumbi zikasakanizana zimasanduka phala lokhula, roller inadyeka mbali imodzi, chitseko chinagwa ndi mamilimita angapo, mota n'kumakoka katundu woposa wake. Kusintha chingwe chokha osasintha roller, chatsopanocho chidukanso.

Tachotsa chikuto chamkati, tathandizira chitseko pa jeke ndi thabwa lokutidwa nsalu, tasintha roller yapansi ndi yapakati, tatsuka njanji zonse zitatu ndi parafini n'kupopera silicone pang'ono. Tizingwe tatsopano sitinafike. Pakadali pano tazimitsa magetsi a chitseko pa batani lomwe lili pafupi ndi dalaivala, tadula chingwe chothothokacho kuti chisakole, ndipo chitseko chikuyenda ndi dzanja, chala chimodzi chikukwanira.

Zamkati zina zatidabwitsa ndi kulimba kwake. Mipando yachitatu ikupindikabe n'kukwera yokha m'mbali ndi masipuling'i ake, njanji za mipando yapakati zikugwira pa mano onse, malamba onse 8 akukoka ndi kugwira. Dashibodi ilibe mng'alu. Chomwe chatha ndi nsalu ya mpando wa dalaivala m'mphepete ndi timapini ta pulasitiki ta m'zitseko. Wailesi ikadali ya ku Japan, yothera pa 90 MHz, n'chifukwa chake ikugwira masiteshoni ochepa. Band expander, kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni opitirira pamenepo, ikonza zimenezo.

Tsiku 10: mabuleki ndi matayala

Ma pad akutsogolo: lakunja lakumanzere mamilimita 6, lamkati 2. Kusiyana kotere ndi pini ya caliper yogwira. Yapansi inali youma ndi dzimbiri, kamphira kake kobooka. Tapala, tapaka girisi wa buleki wosadya mphira, taika timphira tatsopano. Ma disc tayeza ndi micrometer n'kufananiza ndi nambala yodindidwa pa disc yomweyo: atsala pang'ono kufika pa malire, kuwasenda kukanawapyapyalitsa mopitirira, ndiye tasintha. Kumbuyo ndi madramu. Ma shoe ali ndi nyama, koma silinda yakumanja ikunyowa pansi pa mphira. Mafuta a buleki anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. DOT 3 amayamwa chinyezi, ndipo wonyowa amawira msanga pa mtsetse wautali, buleki n'kulowa pansi. Tatulutsa onse, lita imodzi yakwana.

Matayala ndi 195/65R15. Awiri akumbuyo ndi a m'chipale omwe anabwera ndi galimoto ina, odziwika ndi timizere tambirimbiri topyapyala pa mapazi ake, ndipo manambala anayi a m'mbali akusonyeza kuti apitirira zaka khumi. Mphira yake inapangidwira kuzizira. Pa tala wotentha imafewa, imaterera pa mvula, ndipo pansi pa katundu imatha kuphulika. Atuluka. Muyezo wa fakitale ndi 91, kutanthauza makilogalamu 615 pa teyala. Tasankha a 95 XL, omwe amanyamula 690, kuti pakhale mpata wopumira pa maenje. Manati pa 103 N·m ndi torque wrench, osati kudumphira pa sipanala. Sipeya ndi kateyala kopyapyala kofuna 420 kPa. Kanali ndi 150.

Tsiku 12: kuiyesa pamsewu

Alignment yachitika dzulo. Lero taika matumba a mchenga okwana makilogalamu 400 m'mipando ndi pansi, n'kutsika msewu wa Chikwawa mpaka kumunsi kwa Thabwa n'kukweranso, kompyuta ili yolumikiza. Potsika tatsitsa giya ndi ndodo kuti injini izigwira galimoto, buleki n'kumaiponda mwakanthawi n'kuisiya. Pansi tayeza ma disc ndi choyezera kutentha, mbali zonse ziwiri zikufanana, ndiye kuti pini ija yamasuka. Pokwera, madzi a injini akhala pakati pa 88°C ndi 96°C, fani ikulowa ndi kutuluka. Oyilo wa CVT wafika 104°C pa makhota otsiriza n'kutsika msewu utangowongoka. Ma rev akukwera mosalala, palibe kunjenjemera ponyamuka, palibe kulira kwa mluzu. Hampu iliyonse ya m'tauni yadutsa osakhula. P1047 sinabwere.

Chatsopano chimodzi chatulukira: ikaima pa D ndi AC yoyaka, chiwongolero chikunjenjemera pang'ono. Mounting ya injini yakumanja, yomwe ili ndi mafuta mkati, yaphwa. Pansi pake pali mzere wakuda wouma. Tayitanitsa. AC yakumbuyo ikuzizira mochepa kuposa yakutsogolo, ndipo pa mfundo ina ya mapaipi a aluminiyamu odutsa kunsi pali fumbi lonyowa ndi oyilo. Tithira utoto wounikira mu gasi wa R134a tisanamasule chilichonse.

Pokwera chitunda fuel trim, kutanthauza petulo yemwe kompyuta ikuwonjezera pa muyezo wake, inafika +9%. Sizoopsa, koma galimotoyi yamwapo petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, ndiye tikukayikira fyuluta yake, yomwe ili mu thanki pamodzi ndi pampu. Tiitsegula thanki ikatsika pansi pa kota, malita 60 si ochepa kuwasunga m'mabeseni.

Oyilo wa injini taika chizindikiro pa ndodo galimoto itaima pamalo ofanana, itazima mphindi khumi. Ibwere pa makilomita 169,600 kuti tiyeze womwe yadya pothira ndi jagi yolembedwa manambala, tisinthe oyilo wa CVT kachitatu, timangenso mabawuti a miyendo, ndiponso tiike tizingwe ta chitseko ndi mounting ngati zidzakhale zitafika.